FUNSANI ZA MANO: Dzino likayamba kuwawa ndiye kuti linabooka kalekale

Makalata a mwezi uno pafupifupi onse ndi a mano, ena abwera pa WhatsApp ena pa Facebook, ndipo ambiri akuyamba chimodzimodzi, "dzino likuwawa nditani". Ena ndawafupikitsa chifukwa anali ataliatali. Ndineneretu kuti dzino siliwawa tsiku lomwe layamba kuwonongeka ayi, limabooka mwakachetechete miyezi ngakhale zaka, ululu umabwera bowo litafika kale pafupi ndi mtsempha. Nchifukwa chake ku Estomatologia, chipinda cha mano cha kuchipatala, ntchito yochuluka ndi yozula, sikuti kumata sakudziwa koma anthufe timafika dzino litatha kale.

FUNSO: Adokotala, ine ndimatsuka mano mmawa uliwonse ndi Colgate osaphonya, koma mano awiri akumapeto abooka ndipo lachitatu layamba kuda. Akazi anga amangotafuna mulala, kamtengo kotsukira mano kaja, basi, mswachi sagwira nkomwe, koma mano awo onse ali bwinobwino. Nde mankhwala amenewa ndi achinyengo kapena? Ndalama zikungopita.
Bambo wogulitsa mbatatesi, Ulongue

YANKHO: Bambo, mankhwalawo alibe mlandu. Vuto ndi nthawi imene mumatsukira, komanso zimene zimalowa mkamwa kuyambira mmawa mpaka kukagona.

Mkamwa mwa munthu aliyense, wolemera kaya wosauka, mumakhala mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Timakhala mu zoterera zoyera zija zimene mukakanda dzino ndi chikhadabo madzulo zimatsalira kuchikhadabo. Chakudya chake ndi shuga, tikadya timatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amasungunula chigoba cholimba cha kunja kwa dzino pang'onopang'ono. Mukangomeza chotsekemera asidi amayamba pakangopita mphindi zochepa, ndipo amagwira ntchito theka la ola kapena kupitirira malovu asanamuthetse mphamvu. Malovu ndiye mkonzi wake, amatsuka asidi n'kubwezeretsa pa dzino zimene zinasungunuka, koma amafuna nthawi. Nde tawerengani tsiku lanu la pamsika: tiyi wa mmawa masipuni anayi a shuga, cha m'ma 10 koloko bolasha kapena mandasi, masana refresiko imene mumaika pansi pa benchi n'kumamwa pang'onopang'ono mukudikira makasitomala, kenako siwiti yomwe akupatsani m'malo mwa chenji ku baraka, madzulo tiyi wina. Nthawi iliyonse asidi akuyambiranso, malovu sakupeza mpata. Botolo lomwe mwamwa kamodzi pa nsima siliwononga ngati botolo lomwelo mukamalimwa maola atatu. Apa anthu ambiri sapadziwa, amangoona kuchuluka kwa shuga osaona kuti akulowa kangati.

Kuchulukako nakonso kuli ndi malire ake. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga woonjezera patsiku, amenewo ndi masipuni a tiyi 12, ndipo zikanakhala bwino atatsika kufika 6. Kachitini kamodzi ka 330 ml ka zakumwa za cola kali ndi magalamu pafupifupi 35. Onjezani tiyi uja muone pamene muli.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu: mumatsuka mmawa wokha. Munthu akagona malovu amachepa kwambiri, nde zonse zimene mwadya tsiku lonse zimagona pamano usiku wonse popanda wozitsuka. Kutsuka mmawa wokha kuli ngati kupopera mbatatesi chiwawu chitamaliza kale munda. Tsukani kawiri, koma ngati tsiku lina mungathe kamodzi kokha, kakhale ka usiku, ndipo mukatsuka osadyanso kanthu, madzi okha basi.

Chachitatu ambiri amandiyang'ana modabwa ndikawauza: mukamaliza kutsuka lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Chimene mumalipira m'chubu muja ndi fluoride, amene amalimbitsa chigoba cha dzino kuti asidi asachisungunule msanga, nde mukachukucha makapu awiri a madzi mwataya zonse pansi. Tembenuzani chubu muwerenge kumbuyo, pakhale mawu oti flúor kapena fluoride ndi nambala ya pakati pa 1000 ndi 1500 ppm, ambiri amalemba 1450. Ngati nambalayo ilipo, wotchipa ndi wodula amagwira ntchito imodzi, dzina si nkhani. Mu 2021 a WHO anaika mankhwala otsukira mano a fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwa anthu onse, si zinthu zongonunkhiritsa mkamwa ayi. Mphindi ziwiri, mswachi wofewa, tsitsi lake lipendekere pamene dzino lakumana ndi nkhama, kunja, mkati ndi pamwamba potafunira.

Za mulala ine sindiunyoza. Umapala zoterera zija bwino ndithu munthu akakhala ndi nthawi nawo, ndipo wa mulala wofatsa amaposa wa mswachi wothamanga. Koma fluoride wokwanira mulibe, ndipo kufika kuseri kwa mano akumapeto n'kovuta. Tawafunsani mayiwo kuti refresiko amamwa zingati pa sabata, ndikukhulupirira yankho lili pomwepo. Mano abookawo sadzitseka okha, pitani panopa asanayambe kuwawa usiku, akadali omatika.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi isanu, ndikatsuka mano usinini ukutuluka magazi mpaka thovu lofiira. Apongozi anga akuti ndisiye kaye mswachi mpaka ndidzachire, akuti mwana ndi amene akudya mano anga, iwonso akuti mimba iliyonse ankataya dzino. Ndikuopa.
Mayi wa ku Domue

YANKHO: Mayi musasiye mswachi, apongozi muwalemekeze pa zina koma apa pokha ayi. Mwana satenga kanthu m'mano mwanu, zomangira mafupa ake amazipeza ku zakudya zanu, zikachepa thupi limatapa m'mafupa anu osati m'mano. Chimene chimachitika n'choti nthawi ya pakati thupi limasintha, nkhama zimatupa msanga ndi litsiro laling'ono lomwe kale silinkakuvutani. Magaziwo akutanthauza kuti pamenepo pali zoterera zija, nde mukasiya kutsuka zimachuluka, kutupa kumakula, magazi amaonjezeka. Gulani mswachi wofewa, tsukani mofatsa pomwe pakutuluka magazipo osapalambalala, kawiri patsiku, pakatha sabata imodzi kapena awiri muona kusintha. Madzi ofunda a mchere pang'ono amathandizanso.

Mano amene amayi ambiri amataya pa mimba amapita ndi zinthu zina: kusanza, kudya totsekemera pafupipafupi chifukwa cha nkhwiru, ndi kusiya kutsuka komwe akukuuzaniku. Mukasanza musathamangire mswachi, asidi wa m'mimba amakhala atafewetsa mano, chukuchani ndi madzi mudikire theka la ola. Ngati mwayamba kulakalaka dothi mukanene kusikelo akuyezeni magazi, nthawi zambiri zimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo mchenga wa m'dothimo umaperesa mano. Dzino likavuta muli ndi pakati chithandizo chilipo, jekeseni wochititsa dzanzi uja saopsa kwa mwana, bola muwauze kuti ndinu oyembekezera. Choopsa ndi kugula makapisozi pamsika, ena monga tetracycline amadetsa mano a mwana akadali m'mimba. Koma magazi akamangotuluka okha osatsuka, kapena mukuona mikwingwirima pathupi, thupi kutentha, imeneyo si nkhani ya mswachi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

FUNSO: Adokotala musanditchule dzina chonde. Chibwenzi changa n'chabwino pa zonse, amagwira ntchito ya usiku ku migodi, koma mkamwa mwake mumanunkha moti ndikakhala naye mu chapa ndimayang'ana kuwindo. Amatafuna chingamu tsiku lonse koma sizikusintha. Ukwati uli pafupi. Ndimuuze bwanji?
Mtsikana wa ku Moatize

YANKHO: Achemwali, dzina sinditchula, koma kumuuza mumuuze ndithu, chifukwa anzake kuntchito akudziwa kale ndipo sangamuuze. Munthu fungo la mkamwa mwake salimva, mphuno imazolowera. Mumuuze muli awiri, mosaseka, osati pa mkangano, ndipo mugule miswachi iwiri wina wanu kuti asaone ngati mlandu.

Fungo lambiri silichokera m'mimba monga anthu amanenera, limachokera mkamwa momwemo, makamaka kumbuyo kwa lilime ndi m'mipata ya mano. Atulutse lilime pagalasi aone zoyera zayanga kumbuyo kuja, azizitsuka ndi mswachi tsiku lililonse, poyamba amamva ngati asanza koma amazolowera. Kenako ntchito yakeyo. Anyamata ambiri a shifiti ya usiku amadalira zakumwa zochotsa tulo zija ndi khofi wa shuga wambiri, ena ndudu pamwamba, madzi osamwa, nde ndi kutentha kwathu kuno kwa Okutobala ndi Novembala kumene kumapitirira madigiri 40 mkamwa mumauma gwaa, ndipo mkamwa mouma ndi momwe fungo limakulira. Aziyenda ndi botolo la madzi. Kwa iyeyo kutsuka kofunika kwambiri ndi kwa mmawa akaweruka asanagone, chifukwa usiku wake ndi umenewo. Chingamu cha shuga chimangophimba mphindi zochepa kenako chikudyetsa tizilombo tomwe tija, ngati akufuna kutafuna asankhe chopanda shuga.

Akachita zonsezi masabata awiri fungo osachoka, pali dzino lobooka lomwe likusunga zakudya kapena chiseyeye. Muyang'ane kuseri kwa mano apansi akutsogolo, mukaona chikhokho cholimba chachikasu kapena chakuda m'mphepete mwa nkhama, chimenecho mswachi suchotsa ngakhale atakwecha bwanji, akapemphe limpeza kuchipatala akachipale ndi zida. Chikasiyidwa chimadya fupa logwira mano mpaka mano abwinobwino osabooka n'kuyamba kugwedera, ndipo osuta fodya ndi odwala shuga zimawathamangira kwambiri. Ngati amamva ludzu kwambiri n'kumakodza pafupipafupi akayezetsenso shuga.

FUNSO: Ndinaona pa TikTok akusakaniza makala osinja, soda ndi mandimu, mano kuyera mbee nthawi yomweyo. Ndapanga mwezi umodzi, kuyera sakuyera, koma tsopano ndikamwa madzi a mufiriji ndikumva nyerenyetsi mpaka kumutu. Ndipitirize?
Mnyamata wa ku Chingodzi, Tete

YANKHO: Siya lero lomwe mphwanga. Mandimu akufewetsa chigoba cha dzino, makala akupala chomwe chafewacho, ndipo chigoba chimenecho chikatha sichimeranso. Pansi pake pali mnofu wa dzino womwe mtundu wake ndi wachikasu komanso uli ndi timabowo tolunjika ku mtsempha, nde ukamapala kwambiri mano amafiirira m'malo moyera, ndipo madzi ozizira amakulasa chonchi. Chimodzimodzi phulusa, mchenga wa kumtsinje ndi mchere wa miyala. A pa vidiyo aja ali ndi magetsi owala ndi mafyuluta, iwe uli ndi mano 32 okha.

Tsopano tenga mswachi wofewa, mankhwala a fluoride, osachukucha, ndipo usanagone paka pang'ono ndi chala pa mano omwe akulasawo. Uchepetsenso zowawasa, ife a ku Tete masau, malambe ndi bwemba ndi zathu ndipo sindikuletsa, koma kubwira malambe tsiku lonse kapena kuyamwa mafirizesi ake motsatizana kumasungunula mano ngati mandimu omwewo. Idya nthawi imodzi, chukucha ndi madzi, mswachi udikire theka la ola. Pakatha mwezi zisanasinthe ukaonetse, mwina pali bowo.

Ena mano awo ali ndi mawanga oyera kapena ofiirira chimerereni, ndipo onse amene anakulira pa mjigo umodzi ali chimodzimodzi. Amenewo ndi madzi okhala ndi fluoride wochuluka mopitirira amene anamwa ali ana mano akupangika, kutsidya ku Malawi madera ngati Nathenje amadziwika nazo. Mawanga amenewo ali mkati mwa dzino, si litsiro, kukwecha sikungawachotse.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 6 mano ake akutsogolo ndi ena akumbali anada n'kuphwanyika. Bambo ake akuti tisataye ndalama ya transipoti, ndi mano aubwana agwa okha. Wamng'ono wa miyezi 8 naye akutsegula m'mimba ndi kutentha thupi, anthu akuti ndi mano akumera.
Mayi wa ana atatu, Furancungo

YANKHO: Ndiyambe ndi wamng'onoyo chifukwa ndi wachangu. Kumera mano kumachititsa dovu, kuyabwa nkhama, kulira ndi kuluma chilichonse, koma kutsegula m'mimba kwenikweni ndi thupi lotentha kwambiri si mano. Msinkhu umenewu mwana amakhala akukwawa n'kumatola zapansi kuika mkamwa, komanso malungo ali ponseponse. Mutengereni kuchipatala kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi mwanu akamuyeze, mupitirize kuyamwitsa ndi kumupatsa madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi aja. Ana ambiri amafika mochedwa chifukwa cha mawu oti "ndi mano".

Tsopano wamkuluyo. Bambo ake akunena zoona theka. Mano aubwana alipo 20, amayamba kumera cha pa miyezi 6, amakwana pofika zaka 3, ndipo akutsogolo amayamba kugwa cha pa zaka 6. Koma akumbali otafunira aja amakhala mpaka zaka 10 kapena 12, nde mwana apirire dzino lowola zaka zisanu? Limawawa chimodzimodzi la munthu wamkulu, mwana amasiya kutafuna, amaonda, kusukulu osamvetsera, likachita mafinya limatha kuwononga dzino lachikulu lomwe likupangika pansi pake, ndipo likachoka nthawi isanakwane anzake amasendera pamalopo lachikulu n'kudzamera mopingasa.

Koma chimene ndikufuna muchite usiku uno ndi ichi: mutsegulitseni pakamwa muunike ndi tochi ya foni kumapeto kwenikweni. Pa zaka 6 kumamera mano anayi akuluakulu, awiri pansi awiri pamwamba, kuseri kwa aubwana onse, popanda lina kugwa. Chifukwa palibe lomwe lagwa makolo amayesa ndi aubwana, chonsecho amenewo ndi a moyo wonse, sadzameranso ena. Ndi mano amene timazula kwambiri kwa ana a sukulu ndipo zimandimvetsa chisoni nthawi zonse. Amenewo muwasamale kuposa onse.

Mwana wosakwana zaka 7 kapena 8 sangatsuke yekha bwino, amangotafuna mswachi n'kumeza mankhwala, nde usiku muzimutsuka inuyo, muime kumbuyo kwake mutu wake utsamire pa inu. Wosakwana zaka 3 mankhwala akhale ochepa kukula kwa kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 kukula kwa nsawawa imodzi, ndipo kutsuka kumayamba dzino loyamba likangotuluka, wa miyezi 8 uja ayambe. Mano akutsogolo akada chonchi kawirikawiri ndi tiyi wa shuga kapena juwisi wa m'botolo amene mwana amagona naye, ndi masiwiti a ndalama yomwe timawapatsa popita kusukulu. Mpatseni mbatata yophika, chimanga, nthochi kapena mtedza, siwiti ikhale ya nthawi imodzi akangomaliza nsima.

Ndionjezere chimodzi kwa amayi onse. Pali matenda otchedwa noma amene amagwira ana a zaka 2 mpaka 6 operewera zakudya, makamaka akangodwala chikuku kapena malungo. Amayamba ngati kachilonda pa nkhama, mkamwa kununkha kwambiri, tsaya kutupa, ndipo m'masiku ochepa amaboola tsaya. Mu Disembala 2023 a WHO anawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Akapezeka msanga amachizika ndi mankhwala wamba a kuchipatala, nde mwana wofooka akatupa tsaya musayambe mwapita kwina.

FUNSO: Dzino lapamwamba lakhala likundisowetsa tulo. Ndaikapo fodya, ndaikapo aspirin, wina anandifukiza utsi n'kundionetsa tinyongolotsi tomwe tatuluka, ndinalipira nkhuku. Linasiya masabata angapo, pano tsaya latupa. Kuchipatala ndikuopa, akuti ukazula dzino lapamwamba umachita khungu.
Agogo aamuna, Tsangano

YANKHO: Agogo, nkhuku ija inapita ulere. M'dzino mulibe nyongolotsi, zimene anakuonetsani sizinachokere mkamwa mwanu. Ululu wobaya ngati chinthu chikuyenda uja ndi mtsempha womwe watupa mkati mwa dzino momwe mulibe malo otupira. Ndipo kusiya kuwawa kuja sikunali kuchira, mtsempha unafa, tizilombo tinatsikira ku muzu mpaka m'fupa, kutupa mukuonaku ndi mafinya.

Za khungu chotsani mantha. Mtsempha wa dzino ndi mtsempha woonera ndi yosiyana, mano apamwamba amazulidwa tsiku ndi tsiku anthu n'kubwerera kwawo akuona njira. Chimene chingafike kudiso ndi mafinya a dzino lomwe mwalisungalo, ndiye choopsa ndi kukhala, osati kupita. Konzekani mawa mmawa, mudye kaye musanapite, ndipo mukawauze ngati mumamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, osabisa. Iwo ndi amene akaone ngati akuzula tsiku lomwelo kapena ayambe akupatsani mankhwala. Koma mukaona kutupa kukukwera mpaka diso kutsekeka, kapena kukutsikira pansi pa chibwano ndi pakhosi, pakamwa osatseguka, malovu osamezeka, kupuma movutikira, thupi kutentha, musadikire kuti kuche, pezani njinga yamoto kapena galimoto mupite ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi, kaya ku Hospital Rural ya ku Ulongue kaya kulikonse kwapafupi, akaona kuti n'zazikulu akutumizani ku Hospital Provincial ku Tete. Kutupa kwa pansi pa chibwano kumatseka njira ya mpweya ndipo anthu amafa nako, dzino lomweli.

Aspirin ndi womeza, mukamuika pa nkhama amawotcha n'kusiya chilonda choyera, dzino osamva kanthu. Ena amafika pothira madzi a batire, mafuta a mabuleki kapena petulo, abale inu, amenewo ndi poizoni. Fodya ndikudziwa kuti kwathu kuno ku Angónia, Macanga ndi Chifunde ndi amene amalipira sukulu za ana, koma malo ake ndi pa belo osati mkamwa. Woika kuseri kwa mlomo uja amabweza nkhama mizu ya mano n'kukhala pamtunda, ndipo iyeyo, chingambwe ndi kachasu ndi zimene zimabweretsa khansa ya mkamwa. Chilonda chilichonse cha mkamwa kapena pa lilime chomwe chatha masabata awiri osapola, ngakhale chisakuwawa, chikaonedwe.

Podikira kuti kuche mwani paracetamol, wamkulu mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira 8 pa maola 24, ndipo chukuchani ndi madzi ofunda a mchere. Amoxicillin wogula awiriawiri pamsika amangoziziritsa masiku ochepa kenako kutupa kumabwerera, chifukwa gwero likadali pompo. Akakuzulani lumani thonje theka la ola, tsiku limenelo osachukucha, osalavulalavula, osasuta, osamwa mowa, magazi oundana pabowopo ndi amene amapoletsa. Kuyambira mawa lake madzi a mchere mofatsa, ndipo mano otsalawo muzitsuka ndithu. Madokotala a mano tsopano akuphunzitsidwa konkuno ku Tete pa yunivesite ya UniZambeze, si zoti mpaka ku Maputo ngati kale.

MAFUNSO AFUPIAFUPI

Wina wa ku Zobue akufunsa ngati iye ndi akazi ake angagwiritse mswachi umodzi poti ndi thupi limodzi. Ayi. Nkhama zimatuluka magazi, ndipo matenda ngati a chiwindi a hepatitis B amatha kudutsira pamenepo. Aliyense wake, ana omwe. Musinthe pakatha miyezi itatu kapena tsitsi likangoyamba kutambalala, ndipo ngati wanu umatambalala pa mwezi umodzi ndiye kuti mumakanikiza kwambiri. Mukatsuka uimikeni mu kapu mutu m'mwamba uume, osautsekera m'pulasitiki kapena kuusiya pawindo la chimbudzi.

Wina wa ku Songo akuti akadya mbuzi yowotcha nyama imatsakamira ndipo amatokosa ndi pini kapena waya. Mbuzi ya ku Tete sitingaisiye, koma chitsulo chimabaya nkhama n'kukulitsa mpata. Ku famasi kuli ulusi wake, mukafunse fio dental, mumaulowetsa pakati pa mano n'kupala mbali zonse ziwiri, kamodzi patsiku usiku musanatsuke, chifukwa mswachi sufika m'mipatamo. Ngati nyama imatsakamira malo amodzimodzi nthawi zonse, pamenepo pali bowo lobisika, kaonetseni.

Wa kabaza wa ku Calomue akuti mnzake anagwa dzino lakutsogolo n'kuzuka lonse ndi muzu womwe, analitaya patchire, kodi akanatani. Akanalitola. Dzino lachikulu likazuka lathunthu limatha kubwezeretsedwa likafulumira. Ligwireni kumutu kwake koyera osati ku muzu, ngati lada litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera osalikwecha, mulibwezere pabowo pake n'kuluma kansalu. Zikakanika liikeni mu kapu ya mkaka, mkaka ukasowa munthu wamkulu alisunge m'tsaya, osalikulunga pa pepala kapena m'thumba chifukwa muzu ukauma basi latha. Mufike kuchipatala ola lisanathe. Ngati ndi dzino laubwana la mwana musalibwezere, lingawononge lachikulu lomwe lili pansi, ingomutengani mwanayo akamuone.